Nthuli Yolendewera Pamwamba pa Chiwaya

Mlamu wanga Armandine anawinda pa Lachitatu la Phulusa, phulusa lili mbuu pamphumi, ine ndili pambali pake pakhomo la tchalitchi ndikupondaponda pansi chifukwa cha kuzizira. Anati Lenti yonse nyama saikhudza, mafuta a nyama ngakhale kadontho, ngakhale Lamulungu pamene enafe timapumirako, kuti Mulungu amubwezere mwana wake. Mwanayo anali Ginette, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anamutenga chipale chofewa chisanayambe kugwa kupita naye ku chipatala cha odwala chifuwa chachikulu, kutali, ulendo wa pa sitima. Ndinamuyang'ana mlamu wangayo, munthu wowonda kale ngati mpini wa tsache, ndipo ndinafuna kumukalipira. Koma mayi wa mwana mmodzi yekha ungamuuze chiyani? Ndinangoti, "Ndamva alamu, tiyeni tizipita, mapazi angawa afa."

Ine ndine Fleurette, mlongo wake wa Odilon, mwamuna wa Armandine. Ndinkaphunzitsa pa kasukulu ka chipinda chimodzi kumapeto kwa msewu wathu, konkuno ku Beauce, ndipo sindinakwatiwe, musandifunse chifukwa chake. Ndinkadya kwa achimwene angawo, choncho chowinda chija ndinkachiona ndi maso anga tsiku ndi tsiku. Nsawawa zathu zimene timaphika ndi nkhumba ya mchere, iye ankaphika zake padera mu kapoto, zamadzi okhaokha. Mbale yake ankaitsuka payokha mpaka manja kusupuka. Zinkandipsetsa mtima, ndisaname, komanso zinkandimvetsa chisoni.

Kumapeto kwa Malichi nyengo inachita zimene ife timapempherera: usiku chisanu cholimba, masana kadzuwa kosungunula chipale padenga, tho tho tho. Mitengo ya mapulo, imene madzi ake timaphika n'kupanga manyuchi ndi shuga, inayamba kudontha. Odilon anamangirira hatchi nasamukira ku msasa wake wa m'nkhalango kumene amaphikirako shuga, ndipo mlamu wanga anaonako moyo. Manyuchi atsopano pa buledi, m'mawa, masana, madzulo. Ankati, "Mukuona alamu? Mulungu amadziwa kuti Lenti ndi yaitali, n'chifukwa chake anaika shuga m'mitengo." Timasaya take tinayamba kubwerera, ine mtima unakhalako pansi.

Chaka chilichonse ndinkatenga ana a sukulu tsiku limodzi kupita nawo ku msasako. Ambiri mwa iwo kwawo kulinso mapulo, koma kwawo amangotumidwa, tenga ichi, choka apo ungapse, palibe wowauza chifukwa chake. Pamene achimwene anga, aa! Munthu uja anaphonya ntchito, akanangokhala mlaliki. Akaona ana amayamba wakhosomola, n'kukoka malamba a buluku, zikatero palibe angamuletse.

Tsikulo anawaimika pansi pa mtengo waukulu, ndowa ili lende pathupi pake.

"Ana inu, shugayu amapanga ndani?"

"Inuyo, bambo Odilon!"

"Bodza! Ine ndine wakuba chabe. Amapanga ndi masamba, nthawi yotentha ija inu mumakhala kalikiliki kuba zipatso m'minda ya eni. Mtengo umasunga kutsekemerako m'kati mwake, ngati mmene amayi anu amakubisirani jamu m'chipinda chapansi. Ndiye chisanu chikamamanga usiku, dzuwa n'kumamasula masana, madzi amayamba kuyenda m'thupi mwa mtengo atanyamula shuga uja. Apo m'pamene wakubane ndimafika ndi chobowolera changa."

Kamwana kena kanafunsa ngati mtengo sumva kuwawa.

"Umamva, ukaubowola mwaumbombo," anatero Odilon. "Kabowo kamodzi, kosapitirira chala changachi, kopendekera pansi kuti madzi atsike okha. Bowo la chaka chatha umalisiya, likupola limenelo. Kamtengo kakang'ono sukakhudza n'komwe, nako ndi kamwana. Ukatero umakhomera kampopi, n'kupachika ndowa, basi, n'kumapemphera kuti usiku kuzizire."

Anawatungira madzi a mu ndowa kuti alawe. Onse anakwinya nkhope.

"Aa, awa ndi madzi wamba!"

"Mumayesa ndikupatsani uchi? Ndowa makumi anayi za madzi amenewa kuti mupeze imodzi ya manyuchi. Zinazo zimathawira padenga, nthunzi iyo simukuiona? Tiyeni m'kati, koma wogwira chiwaya ndimuphikira momwemo."

Mu msasamo munali nthunzi yoti sungamuone mnzako bwinobwino. Chiwaya chachitali ngati bedi chinali pamoto chikubwadamuka. Armandine anali pakona kusefa manyuchi pa nsalu, ndipo anali atadzaza kale chibeseni cha matabwa ndi chipale choyera poyembekezera anawo. Odilon anamiza chipande m'chiwaya nachikweza m'mwamba.

"Yang'anani apa. Akamagwa madonthomadontho, akadali khanda. Akagwa atagwirana ngati kansalu, akula, amenewo ndi manyuchi, tiphule. Mukawaphikabe pang'ono n'kuwathira pa chipale, amalimba n'kumakokeka, aja mumakulunga pa kamtengo n'kuthera nawo mano aja. Mukawaphikabe kuposa apo, mumaphula n'kutakasa ndi mthiko mpaka phewa kufuna kuguluka. Amayamba kuchita mbuu, kenako mumamva ngati muli kamchenga, apo ndiye thirani msanga m'zikombole asanakuumireni mumphika. Ameneyo ndiye shuga."

Anawaonetsa zikombole zimene anasema bambo athu malemu, china cha katambala, china cha kanyumba, china cha mtima. Ali pakati pofotokoza, chiwaya chinafufuma. Thovu linakwera, linakwera, ana n'kuyamba kukuwa kuti zitayika. Odilon osagwedezeka, manja ali m'thumba. Thovu lija litafika m'milomo mwa chiwaya linakhudza kanthu kamene kanali lende pa chingwe, ndipo nthawi yomweyo fwaa, linabwerera pansi ngati galu wokalipiridwa.

Noëlla Veilleux, kamtsikana ka pakamwa pakuthwa kamene kankandidwalitsa mutu m'kalasi, kanaloza.

"Nanga icho n'chiyani?"

"Ameneyo ndi kapitawo wanga," anatero Odilon, ali nyadu. "Nthuli ya mafuta a nkhumba. Thovu likamukhudza amasungunuka kadontho, ndipo thovu ndi mafuta sizionana, limagona pompo. Popanda iyeyu bwenzi msasa uno utapsa kalekale. Ndiye mukamanyambita manyuchi anga muzidziwa kuti muli kankhumba pang'ono, n'chifukwa chake mukakhuta mumalira ngati tiana tankhumba!"

Ana anafa nako kuseka, ena n'kuyamba kulira chinkhumba. Noëlla yekha sanaseke.

"Ndiye kuti tikadya Lachisanu timachimwa?"

Kumbuyo kwanga chipande chinagwa pansi, gwa, ndipo Armandine anathamangira panja.

Ndikuuzeni zoona, nthuli ija tonse tinakula tikuiona. Inkalendewera pa chiwaya cha bambo athu, inkalendeweranso pa chiwaya cha bambo ake a Armandine. Palibe anaiyesapo chakudya, chinali chipangizo basi, chimodzimodzi mthiko kapena nkhwangwa. Amayi opemphera kwambiri a mu parishi muno akhala akunyambita manyuchi Lachisanu Loyera kuyambira makedzana, osaganizako n'kamodzi komwe. Armandine mwiniwake ndi amene anadula nthuliyo mu mgolo wa mchere n'kumupatsira mwamuna wake, kenako n'kusamba m'manja ndi sopo kuti mafuta angamufike pakamwa.

Ndinamupeza kuseri kwa mulu wa nkhuni atagwada m'chipale, akudzipisa chala kukhosi.

"Alamu, mwapenga? Dzukani apo!"

"Masabata onsewa, alamu," anatero. "M'mawa, masana, madzulo. Ndamupha mwana wanga ndi pakamwa pangapa."

"Zamkutu! Kadontho m'chiwaya chonse chija? Inu mukuyesa Mulungu amakhala ndi sefa kumwambako?"

"Ndinati ngakhale kadontho. Munalipo, munamva."

Ndinamvadi, ndiye ndikanati chiyani? Odilon anatuluka atagwira chipewa m'manja, ulaliki wonse uja utathawa. Anangoti, "Mayi a Ginette, ine ndimangocheza ndi ana." Ndinabwerera m'kati kukathira manyuchi pa chipale, poti ana aja sanalakwe kanthu ndipo anali atayenda mtunda wautali. Noëlla anandifunsa ngati wanena choipa. Ndinamuuza kuti ayi, wafunsa bwino, koma mumtima ndinkafuna kumupotokola khutu.

M'mawa mwake ndinamukokera mlamu wanga kwa bambo mfumu. Bambowo anali munthu wabwino, wonenepa, wokonda manyuchi kuposa ife tonse. Anamvetsera, anayesetsa kuti asaseke, kenako anamuuza kuti chimene munthu wachita mosadziwa si tchimo, ndipo kadontho kotero ngakhale Mpingo sukawerengera.

Armandine anayankha ali zyoli. "Pepani bambo, koma sindinawinde kwa inu."

Potuluka anandiuza mmene anaikonzera nkhaniyo m'mutu mwake. Zakale zija mwina Mulungu azikhululuka, poti sankadziwa. Koma tsopano wadziwa. Akadzangolawanso dala, ngakhale kunyambita chala, ndiye kuti wamupereka yekha mwana wake kumanda. Kuyambira tsiku limenelo manyuchi anawasiya, shuga anamusiya, anatsala ndi mbatatesi yowiritsa ndi buledi wouma, ndipo izonso ankangotola ngati mbalame.

Achimwene anga anayesa, ndiwayamikire pamenepo. Anadula chingwe chija, nthuli anaponyera galu, chiwaya anachikwecha tsiku lathunthu. Anathyola nthambi ya paini yoti azikwapulira thovu, monga ankachitira anthu akale, kuti amuphikire mkazi wake manyuchi opanda nkhumba. Koma nyengo inamukana. Kunabwera mvula yofunda, usiku osaundananso, achule anayamba kulira m'dambo, ndipo timphukira ta mapulo tinatupa. Mitengo ikafika pamenepo madzi ake amawawa, aliyense amadziwa. Iye anaphikabe, munthu wamkulu ndithu, mwina poganiza kuti mtengo umumvera chisoni. Zimene anaphula ngakhale hatchi inazikana.

Ndiye kunabwera uthenga. Asisitere a ku chipatala anaimba lamya ku sitolo, mwini sitolo anabwera yekha kudzatiuza: mwana wasiya kudya, makolo abwere. Armandine sanalire. Anangondiyang'ana ndi maso aja onena kuti si ndinanena. Ndinapsa mtima mpaka ndinatuluka panja kukatukwana nkhuku.

Tinanyamuka Lamulungu la Kanjedza, ine ndi iye. Odilon anati sangachoke, ng'ombe ili pafupi kubereka. Ng'ombe imeneyo ndinkaidziwa ine, inali isanayandikire n'komwe, koma amuna ndi mmene alili, chimbalangondo angalimbane nacho, bedi la mwana wodwala ayi. Pa siteshoni anandipatsira kaphukusi mobisa, ngati akundipatsa katundu wakuba. Munali katambala ka shuga, ka m'chiwaya chija cha nthuli ya nkhumba.

Ku chipatalako ana ankawagoneka pakhonde, atawakulunga m'mabulangete mpaka m'khosi, kuti azipuma mpweya wozizira. Sisitere amene anatilandira anatiuza poyera kuti mankhwala alipo, koma sangagwire ntchito m'thupi lopanda chakudya. Anayesa phala, anayesa mazira, anayesa kunyengerera ndi kukalipa komwe, mwana amangokankha mbale. Anatiuzanso kuti tisamupsompsone, tiime chakumapazi.

Ginette ndinamuzindikirira maso okha. Armandine anagwira timapazi take pamwamba pa bulangete.

"Ababa ali kuti?" anafunsa mwanayo, mawu ali apansipansi.

"Ng'ombe ikubereka," ndinatero ine.

"Bodza, azakhali. Akuopa kulira."

Ndinamasula kaphukusi kaja n'kumuikira m'manja. Anakatembenuza katambalako, anakanunkhiza nthawi yaitali atatsinzina.

"Kakununkhira utsi wa ku msasa," anatero.

Tonse atatu, ine, mayi wake ndi sisitere, tinayembekezera kuti aluma. Koma anangokaika pa bulangete.

"Sindikufuna. Kuno chilichonse chimangoima pakhosi."

Kenako anawayang'ana amayi ake, kuyang'ana kwenikweni, kuyambira kumutu mpaka m'manja.

"Amayi, mwawonda kuposa ine. Nanunso akubweretsani kuti mugone kuno?"

"Ayi mwanawe, ine ndili bwino."

"Simukudya. Ndikuona." Anakankhira katambala kaja kumapazi. "Idyani mutu inu. Mukadya, ine ndidya mchira."

Ndinalowererapo msanga.

"Bweretsa kuno ndidye ine mutuwo, amayi ako mano akuwavuta."

"Ayi azakhali, inu mumadya ngakhale choko. Ndikufuna amayi."

"Ndakhuta, mwana wanga," anatero Armandine. "Ndadya mu sitima."

"Ndiye inenso ndakhuta."

Anatembenukira kukhoma nadzikokera bulangete kumutu. Sisitere sankadziwa za chowinda chija, anangomuyang'ana mlamu wanga modabwa, kuti mayi wotani wokana kachidutswa ka shuga mwana wake ali chonchi. Ine ndinkadziwa. Kwa ine kanali ka shuga chabe, koma kwa Armandine kumeza kamutu kaja kunali kusainira imfa ya mwana wake, ndipo ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wake wonse, monga mmene ndimakhulupirira ine kuti moto umawotcha. Ndinamumvera chisoni choti sindinamverepo munthu wina aliyense.

Anaima choncho akuyang'ana kamsana ka mwana wake. Kenako anatambasula dzanja kwa ine.

"Alamu, kampeni kanu kosongolera mapensulo."

Ndinamupatsa. Anadula mutu wa katambala kaja. Anachita chizindikiro cha mtanda.

"Ginette, tembenuka undione."

Mwana anasuzumira. Armandine anaponya kamutu kaja m'kamwa natafuna, khurrr khurrr, misozi ili chuchuchu mpaka m'khosi. Anameza, natsegula kukamwa kuti mwanayo aone kuti mulibe kanthu.

"Mukuliranji nanga? Sakukoma?"

"Akukoma, mwanawe. Abambo ako chaka chino aphika bwino."

Ginette anatulutsa kadzanja, anatola mchira uja nayamba kunyambita. Ananyambita, analuma pang'ono, anatafuna. Kenako anadula phiko ndi zala nawapatsira amayi ake, iwo anadyanso, iye n'kudya linalo. Atatsala pang'ono kumaliza ananena kuti shuga wouma amafuna buledi woviika mu mkaka, ngati kunyumba. Sisitere uja, mayi wachikulire ndithu, anathamanga m'khondemo mkanjo uli m'manja.

Pobwerera, sitima inawoloka mtsinje. Kunja chipale chinali chitasanduka matope, ndipo m'nkhalango anthu anali kuchotsa ndowa m'mitengo. Armandine anayankhula akuyang'ana pawindo.

"Alamu, akamwalira musadzandiuze kuti si ine. Ndadya ndikudziwa."

"Nanga akachira?"

Anapukuta mphuno.

"Akachira ndiye kuti ndi nkhumba ija."

Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, nane ndinalira naye, anthu a mu sitima akutiyang'ana ngati amisala. Atatopa anatsamira paphewa panga nagona tulo, dzanja lake lili m'dzanja langa, zala zikumatabe.